Pakhonde la Mwalimu: Namapopa Wokwera Volvo

 Ulendo uno tikupemphani kuti musase kaye mchenga wa kunyanja, mutsagane nafe kumapiri a Thyolo, chifukwa nkhani ya lero tinakaitola kumeneko.

Pa tchuthi cha madrasa m'mwezi wa Julayi tinapita ku Makwasa kukazonda mlongo wathu amene anakwatiwa kumeneko. Alamu athu ndi kalaliki pa esiteti ina ya tiyi. Kwa inu amene simunapondeko, Makwasa ali kumwera kwa Thyolo, pamsewu wotsetserekera ku Thekerani, pafupi ndi mishoni ya Malamulo imene a Seventh Day anayamba m'chaka cha 1902. Kulikonse kumene maso angagwe ndi tiyi yekhayekha, wobiriwira, wosadzidwa mofanana ngati mutu wa mwana wochokera kometetsa. Koma munthu wa kunyanja akafika nyengo imeneyi sayamba n'kuyamikira kukongola ayi, amayamba n'kupempha bulangete. Kuli kamvula kamene eni dera amati chiperoni, kamene sikagwa koma kamangoyandama, masiku atatu kapena anayi dzuwa osalionako. Madzi a wudhu wa m'bandakucha ankaluma zala ngati nkhanu.

Chifukwa cha kuzizirako, swala ya Isha ikangotha banja lonse linkaunjikana pa mbaula. Usiku wachiwiri tinaona ana aakazi awiri a mlongo wathu, wamkulu wa Fomu 3 ndi mng'ono wake wa Fomu 1, atafunda chitenje chimodzi pangodya, nkhope zawo zikuwala ndi foni. Inali foni yaikulu ndithu, yoposa yathu ife a ntchito, koma pa nthawiyo sitinaiganizire kawiri. Tinangofunsa chimene ankaonera. Wamkuluyo anayankha msangamsanga kuti, "Ndi filimu ya chikondi, anjomba. Si yoipa ayi."

Mwana akakuuza kuti chinthu si choipa iwe usanafunse ngati n'choipa, dziwa kuti pali nkhani. Tinati abweretse tionere tonse. Alamu anatulutsa laputopu, ana anaikamo kakhadi kawo, ndipo anganga, mayi a alamu athu, amene anathyola tiyi zaka zambiri mpaka msana unakana dengu, anasendeza mpando wawo pafupi. Tiulule kuti ife tinakhala pansi ndi mtima wa wapolisi, kufunafuna poyambira kuletsa. Tiululenso kuti tinaonera mpaka mapeto, ndipo mawa lake amene anafunsa ngati gawo lachiwiri lilipo tinali ife tomwe.

Filimuyo dzina lake ndi Twilight, kutanthauza chisisira. Inatuluka m'chaka cha 2008 kuchokera m'buku limene mayi wina wa ku America, Stephenie Meyer, anasindikiza mu 2005. Pambuyo pake panabwera New Moon mu 2009, Eclipse mu 2010, ndi Breaking Dawn imene anaigawa pawiri, mu 2011 ndi 2012. Mafilimu asanu amenewa anapha ndalama zoposa madola 3 biliyoni m'nyumba zoonetsera kanema. Ndi akale, moti pamene yoyamba inkatuluka wa Fomu 1 uja anali asanabadwe, koma filimu sikalamba ikafika kwa anyamata obena. Pa mtengo wa mandasi angapo amakuthirira onse asanu m'kakhadi, ena atawamasulira kale m'Chichewa ndi akatswiri aja olankhula pamwamba pa mawu a azungu, uku akuthiramo nthabwala zawozawo.

Nkhani yake ndi iyi. Mtsikana wa zaka 17, Bella Swan, amene makolo ake analekana, achoka kwa mayi ake ku Phoenix kukakhala ndi bambo ake, mkulu wa polisi m'katauni ka Forks. Kumeneko ndi kwa nkhalango, mitambo ndi mvula yosaleka. Anganga ataona nkhunguyo anati, "Aa, ku Makwasa konkuno uku." Kusukulu Bella akumana ndi mnyamata wotuwa, waulemu, wosadya nawo anzake, wokwera galimoto yonyezimira ya Volvo, dzina lake Edward Cullen. Mnyamatayu amupulumutsa ku galimoto imene ikanamupsinja, poiimitsa ndi dzanja limodzi. Pang'onopang'ono mtsikana azindikira kuti mnzakeyu si munthu. Anabadwa mu 1901, ndipo mu 1918 ali pafupi kufa ndi fuluwenza ku Chicago, mliri womwe uja unafikanso kuno ku Nyasaland kumapeto a chaka chimenecho, dokotala wina anamuluma n'kumusandutsa cholengedwa chosafa, chosagona, chosakalamba, chimene chakudya chake ndi magazi. Banja lake linasankha Forks chifukwa choti dzuwa likawawomba khungu lawo limanyezimira, anthu angawatulukire.

Womasulira uja atafika pamenepa sanavutike kufuna mawu. Anangoti, "Mkuluyu ndi namapopa." Ana anaseka. Anganga sanaseke. Anayang'ana ana, anayang'ana mwana wawo, kenaka anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye mtsikanayu wadziwa kuti ndi namapopa, koma sakuthawa?" Wamkulu uja anati, "Amamukonda, anganga." Gogoyo anangoti "Hii!" n'kukoka chitenje kumutu.

Kuti mumvetse "Hii!" ameneyu, awerengi, muyenera kukumbukira chimene mawu akuti namapopa amatanthauza kumapiri kuja. Alamu anaimitsa filimu n'kutisimbira za chaka cha 2017. Mphekesera inayamba m'mwezi wa Sepitembala cha ku Mulanje, anthu nkumati yachokera ku Mozambique, ndipo posakhalitsa inafalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Nsanje, mpaka inalowa mu Blantyre. Ankati kuli anthu oyenda usiku, amene amapopera mankhwala ofoola m'nyumba, kulowa ngakhale chitseko chili chokhoma, n'kukoka magazi a ogona. Anthu analeka kugona m'nyumba. Ankasonkhana panja pamodzi, amayi ndi ana pakati, abambo m'mbali ndi zikwanje, wina akangomva tswa onse n'kuyamba kuimba zitini ndi malikhweru. Anyamata anatseka misewu ndi mitengo, nkumasecha zikwama za apaulendo. Wopezeka ndi chinthu chosadziwika, kaya ndi chida cha kuchipatala, kaya botolo chabe, ankaona zakuda. Mtsikana wa Fomu 3 ameneyu pa nthawiyo anali kamwana ka pulaimale, ndipo naye anagona panja pa mame masabata angapo atakumbatira mayi ake.

Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Mmodzi mwa ophedwa mu Blantyre anali munthu wodwala khunyu, amene anamutentha ndi moto. Boma linaletsa kuyenda usiku m'madera okhudzidwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, Pulezidenti Peter Mutharika, amene kwawo ndi ku Thyolo komweko, anayendera maderawo kukalankhula ndi anthu, ndipo apolisi anamanga anthu oposa 140. Bungwe la madokotala m'dziko muno linanena poyera kuti silinapeze munthu ndi mmodzi yemwe amene anapopedwadi magazi. Magazi okhawo amene anaoneka ndi maso ndi a anthu amene anagendedwa. Qur'an, m'Surat Al-Hujurat, imatilangiza kufufuza nkhani tisanaichitirepo kanthu, kuopa kupweteka osalakwa n'kudzanong'oneza bondo. Chaka chimenecho kufufuza kunabwera maliro ataikidwa kale.

Sikunali koyamba. Kumapeto a 2002, chaka cha njala, mphekesera yomweyi inagwedeza Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, anthu nkumati boma likusinthanitsa magazi awo ndi chimanga cha thandizo. Ansembe atatu a Katolika anamenyedwa, Pulezidenti Bakili Muluzi anachita kutsutsa yekha pamaso pa anthu, komabe mu Januwale 2003 gavanala wa chipani cha UDF mu Blantyre, a Eric Chiwaya, anagendedwa mpaka kugonekedwa m'chipatala. Achikulire amakumbukiranso za ku Chilobwe, pakati pa 1968 ndi 1970, pamene kunkamveka zoti magazi a ophedwa akupita ku South Africa kukabweza ngongole. Katswiri wina wa mbiri yakale, Luise White, analemba buku lathunthu m'chaka cha 2000, Speaking with Vampires, lofotokoza mphekesera zotere m'nthawi ya atsamunda: ku Northern Rhodesia ankati banyama, ku Kenya ndi ku Tanganyika ankati mumiani. Maganizo ake ndi akuti anthu osauka ankagwiritsa nkhani zimenezi pofotokoza chimene ankachimva m'thupi, choti pali wina wamphamvu amene akunenepa ndi mphamvu zawo. Munthu ukaima pa Makwasa n'kuona minda ya tiyi yosaoneka malire, pambali pake timinda ta anthu tokwana mphasa zingapo, ukakumbukiranso thangata amene agogo a anthu amenewa analima, sudabwa kuti n'chifukwa chiyani mphekeserayi imakonda kumera kumeneko.

Tsono taonani kusiyana kwake. Mayi Meyer amati nkhani ya Edward inawadzera m'maloto m'mwezi wa Juni 2003. Chaka chimodzimodzicho, kuno munthu akugendedwa chifukwa cha dzina la namapopa, kwinaku mayi akulota namapopa ali chibwenzi chogona pa maluwa. Kwa azungu cholengedwa chimenechi chinachoka kale m'midzi n'kulowa m'mabuku. Bram Stoker atalemba Dracula mu 1897 chinali chidakali choopsa, koma m'kupita kwa zaka olemba anachisambitsa, kuchidzoza mafuta, kuchiveka jekete, mpaka chinasanduka mkamwini. Kwa anganga a ku Makwasa sichinasambe. Kwa adzukulu awo, amene akula ndi zonse ziwiri, mame a 2017 ndi kakhadi ka m'foni, namapopa ali pawiri, ndipo iwo saona chovuta kuopa wina n'kukonda wina.

Tinapitiriza kuonera, usiku uliwonse gawo limodzi kapena awiri. Chilungamo n'chofunika ngakhale poweruza filimu, choncho tiyambe ndi zimene zinatikomera. Mnyamatayu amalimbana ndi chilakolako chake tsiku ndi tsiku, ndipo ife amene timaphunzitsa ana za kugonjetsa nafsi sitingachitire mwina koma kugwedeza mutu movomereza. Amakana kugona ndi mtsikanayo asanamange ukwati, ngakhale mtsikana mwiniyo akukakamira. Zotere m'mafilimu a ku America n'zosowa ngati nsomba ya chambo pa msika wa Makwasa. Wolemba bukuli ndi wa mpingo wa Mormon, umene umalimbikira za kudzisunga, ndipo zikuonekera. Banja la a Cullen limakondana, limalemekeza bambo wawo dokotala uja, ndipo linapangana zosamwa magazi a anthu koma a nyama zakutchire. Apa mng'ono uja anatifunsa mwachinyengo kuti, "Ndiye ndi halali, eti anjomba?" Tinamuuza kuti atsegule Surat Al-An'am, ndime 145, aone yekha kuti magazi oyenderera ndi oletsedwa ngakhale atakhala a mbuzi yozinga Shehe. Nyumba yonse inafa nacho chiseko, anganga omwe.

Tivomerenso kuti pena pake mtima unatigunda. Pali malo m'gawo lachiwiri pamene mnyamata wamusiya mtsikana, ndipo mtsikanayo wangokhala pampando kuyang'ana pawindo, miyezi nkumadutsa, masamba kuyoyoka, chipale kugwa, iye osasuntha. Aliyense amene anatayapo munthu amaudziwa mpando umenewo. Tinaona mlongo wathu akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, ndipo sitinamuseke. Opanga mafilimuwa si zitsiru. Akudziwa kuti mwana wa zaka 16 amadziona wosaoneka bwino, wosawerengeredwa, wongotumidwa kumjigo ndi kuchigayo, tsono akumuonetsa mtsikana wamba ngati iye amene mnyamata wokongola kuposa onse, amene wadikira zaka pafupifupi 100, wasankha iye yekha. Ndani angakane nthano yotero?

Za magazi ndi mano sizinatiopse kwenikweni. Palibe mwana wa ku Makanjira amene adzapite kukafuna mwamuna wonyezimira pa dzuwa. Chimene chinatikhalitsa chete ndi china, ndipo chinabwera mwakachetechete, nyimbo yokoma ikuimba pansipansi.

Mnyamatayu aulula kwa mtsikana kuti wakhala akulowera pawindo usiku, kwa miyezi, kudzamuyang'ana akugona, mwini wake osadziwa, bambo ake ali m'chipinda china. Amamutsatira mobisa akapita kutauni ndi anzake. Amamuuza yekha kuti ndine woopsa, ndikhoza kukupha, fungo la magazi ako limandipengetsa, kenaka nkumuuzanso kuti sindingathe kukhala kutali nawe. M'gawo lachitatu achita kuwononga injini ya galimoto ya mtsikanayo kuti asapite kukaona mnzake Jacob, ati pomuteteza. Nayenso mtsikana anamiza bambo ake kambirimbiri, tsiku lina mpaka kuwalasa ndi mawu owawa kuti apeze mpata wothawa usiku. Anzake a kusukulu awataya mmodzimmodzi. Atasiyidwa ayamba kusewera ndi imfa, kuthamangitsa njinga yamoto, kudziponya m'nyanja kuchokera pa phedi, kuti mwina aone chithunzithunzi cha wokondedwa wake. Atakwatiwa adzuka m'mawa thupi lili ndi mikwingwirima, iye nkumati palibe kanthu. Ndipo chimene akupempha kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza n'chimodzi: amulume, aleke kukhala munthu, ngakhale akudziwa kuti mtengo wake ukhoza kukhala kusiyana ndi bambo ndi mayi ake.

Tinaimitsa filimu n'kufunsa wa Fomu 3 uja kuti, "Iwe, utadzidzimuka pakati pa usiku n'kupeza mwamuna waima kumiyendo kwa mphasa yako akukuyang'ana, ungatani?"

"Ndingakuwe, anjomba."

"Nanga Bella bwanji sanakuwe?"

Anaganiza pang'ono, n'kumwetulira. "Chifukwa ndi Edward."

Yankho limeneli takhala tikulitembenuza m'mutu kuyambira tsiku limenelo. Mwanayu sananame, ndipo si wopusa, amakhoza bwino m'kalasi. Wanena ndendende chimene mafilimu asanu aja amaphunzitsa: khalidwe limene ungalikuwire mwa munthu wosauka, wonyansa, wonunkha thukuta, limasanduka chikondi likachitidwa ndi munthu wokongola, wolankhula mofatsa, wa galimoto. Kulondalonda kusanduka kusamala. Nsanje isanduka chitetezo. Kukuchotsa pakati pa abale ako kusanduka umboni woti ndiwe wosankhika. Kulowa m'nyumba ya eni popanda kuodira, chinthu chimene mwana aliyense wa madrasa amadziwa kuti Surat An-Nur imaletsa, kusanduka ulendo wa chikondi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma filimuyi imang'amba nkhuyuyo pamaso pako, kukuonetsa nyererezo, n'kukuuza kuti ndiye ndiwo zake.

Ndipo tisaiwale zaka. Nkhope ndi ya mnyamata wa zaka 17, koma munthuyo wapitirira zaka 100. Wamaliza sukulu kangapo, wayenda maiko, ndalama sazidziwa kuwerenga kwake, ndiye wabwerera ku sekondale kukasankha mwana wa eni. Chichewa chili nalo kale dzina la munthu wotere, ndipo si namapopa. Ndi chidyamakanda.

Apa ndi pamene nkhani ya ku Forks inatifikira pakhomo. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse m'dziko muno, 42 ankakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maukwati mu 2015 loika zaka 18, ndipo mu Febuluwale 2017 inasintha malamulo aakulu a dziko kuti atseke mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Chaka chomwecho cha 2017, miyezi yochepa chabe pambuyo pake, midzi yathunthu inkachezera panja ndi zikwanje kudikira mdani amene palibe anamuona. Koma munthu amene amayamwadi moyo wa mwana wamkazi, kumuchotsa pa sukulu, kumupatsa mimba thupi lisanakhwime, mwinanso matenda, n'kumubweza kwa mayi ake atafota ngati nzimbe yotafuna, ameneyo sabwera usiku. Amabwera masana dzuwa likuswa mtengo, amaimika galimoto pabwalo, ndipo timamuyalira mkeka. Ku Thyolo amadziwa tsiku limene malipiro a pa esiteti atha m'nyumba. Kwathu kunyanja musanamizire kusamudziwa: pena ndi mwini zilimira, pena ndi wobwera kumene ku Joni ndi foni ziwiri m'manja, pena, tinene ndithu ngakhale zikuwawa, ndi munthu wa mzere woyamba mu mzikiti.

Ena mwa inu mukuti, Mwalimu, bwanji osangonena kuti mafilimu otere ndi haramu, nkhani ithe? Tikanatha kutero, ndipo masamba awiri a magazini ino akanapulumuka. Koma kakhadi ka foni n'kochepa kuposa chikhadabo, kamabisika m'mpendero wa hijabu. Tikanalanda usiku woyamba uja, ana akanakabenetsa kena mawa lake, ndipo ife sitikanamva yankho lija lakuti chifukwa ndi Edward. Mwana amene waletsedwa amaonera yekha, ndipo amene amamumasulira tanthauzo la chikondi ndi mnyamata wa nthabwala uja wa m'filimu. Sitikunena kuti muzionera chilichonse. Muli malo m'mafilimuwa, makamaka gawo lachinayi, pamene mlongo wathu anachita kuthamangitsa chithunzi, ndipo anachita bwino. Tikunena kuti pa masiku anayi amene tinakhala pa mbaula ija tinamva zambiri za mumtima mwa ana amenewa kuposa zimene tamva pa zaka zonse zimene takhala tikuwafunsa ngati aswali.

Mwa chitsanzo, wamng'ono uja sankamufuna n'komwe Edward. Iye anali wa Jacob, mnyamata wa mtundu wa eni dziko amene amasanduka mmbulu, ati chifukwa amaseka, amakonza njinga, ndipo thupi lake ndi lofunda. Ku Makwasa mu Julayi mfundo yomalizayi ndi yomveka. Tinamukumbutsa kuti nayenso Jacob anampsompsona mtsikana mokakamiza mpaka mtsikanayo anathyoka dzanja pomumenya, iye anati, "Eya, pamenepo analakwa." Alamu athu munthu amene anawamvera chisoni ndi bambo wa mtsikana, wapolisi wosauka uja amene amadziwa zonse zochitika m'tauni kupatula za m'nyumba mwake. Ananena zimenezi akuseka. Mlongo wathu sanaseke nawo, anangoweramira pa mbaula nkumatakasa makala amene sankafuna kutakasa.

Tanthauzo la kutakasa kumeneko tinalimva m'mawa wa tsiku lachisanu. Tikuwotha kadzuwa kamene kanatulukira pang'ono kuseri kwa khitchini, mlongo wathu anabwera n'kukhala pansi chapatali, monga achitira munthu amene ali ndi mawu. "Achimwene," anatero, "foni ija mwaiona? Sitinagule ife."

Anafotokoza kuti pali bambo wina wa malonda, wa cha ku Limbe, amene amabwera kudzagula mbewu m'misika ya kumeneko. Ali ndi mkazi ndi ana, wamkulu wake ndi msinkhu wa mtsikana wathuyu. Anayamba ndi kumunyamula pa galimoto tsiku la chiperoni pochokera kusukulu. Kenaka nsapato. Kenaka foni, ati ya maphunziro. Tsopano amaimba usiku kufunsa ali kuti, ali ndi yani, ndipo anamuletsa kuyenda ndi anzake awiri amene ati ndi a makhalidwe oipa. Mwana akafunsidwa amati munthuyo sanamugwirepo ngakhale dzanja, ndi waulemu, akungomusamala. Alamu ankadziwa za nsapato, za foni ankayesa kuti ndi yobwereka kwa mnzake, ndipo mlongo wathu ankaopa kuwauza zonse chifukwa bamboyo anawakongozapo ndalama nthawi ya matenda a anganga.

Kwathu mwini mbumba ndi mjomba. Tsiku limene mwana ameneyu adzafunsiridwe, pambali pa bambo ake amene ali wali wake pa nikah, anthu adzayang'ana ife. Tsono sitikanakwera basi ngati sitinamve. Tinakhala pansi ndi alamu, ndipo zimene tinakambirana n'za pa chilamu, sitizilemba muno. Madzulo ake tinaitana mtsikanayo, mayi ake ali pomwepo. Sitinakalipe. Tinamufunsa kuti atiuze chinthu chimodzi chimene bamboyo anachita chimene Edward sanachite. Anati bamboyo salowera pawindo. Tinati n'zoona, nanga n'chifukwa chiyani angavutike ndi windo pamene foni yake imagona pansi pa pilo wako? Analira. Anati ife sitingamvetse, palibe munthu wina amene amamufunsa ngati wadya. Mawu amenewa anatilasa tonse atatu, chifukwa sanali bodza lokhalokha.

Loweruka, tsiku la msika, ife ndi alamu tinakamupeza bamboyo pa sikelo yake. Tinamubwezera foni ndi nsapato m'jumbo, pamaso pa anthu awiri achikulire amene tinawatenga ngati mboni, ndipo alamu anamuuza tsiku limene adzamalize kubweza ngongole. Tinamukumbutsa zaka za mwanayo ndi zimene lamulo likunena, n'kumuuza kuti akadzaimikanso galimoto pa njira ya kusukulu nkhani idzapita kwa amfumu ndi kupolisi. Anaseka, anati tamuganizira zoipa, iye amangothandiza ana a anthu ovutika. Mwina adzasiya, mwina ayi. Tapangana ndi mlongo wathu kuti tiziimba Lachisanu lililonse tikatuluka ku Jumu'ah, ndipo tizilankhula ndi mwanayo mwini wake, osati kungomufunsira kwa mayi ake. Tinamusiyira kafoni kathu kakale ka mabatani.

Tsiku lonyamuka chiperoni chinali chitabwereranso. Wa Fomu 3 sanatuluke kudzatsazika, anati mutu ukumupweteka. Anganga anatigwira dzanja nthawi yaitali osanena kanthu, kenaka anatipatsa mapeyala m'kathumba. Amene anatinyamulira chikwama mpaka pa siteji ndi wamng'ono uja. Minibasi itaima anatikoka malaya n'kunong'ona kuti kakhadi kaja, kamene tinachotsa m'foni tisanaibweze, kali m'thumba mwathu, ndipo ndi ka iye, anagula ndi ndalama yake ya mandasi. Tinamuuza kuti tidzabwera nako pa Eid, tidzaonerenso limodzi gawo lachitatu, chifukwa pali funso lina limene sitinamufunse za Jacob wakeyo.